Bondo la nyamakazi likamawawa usiku: malangizo a Voltaren Emulgel ndi Panado m'Cinyanja

Azimayi a ku chalichi cathu kuno ku Johannesburg anandipempha kuti ndiike m'Cinyanja timapepala tuja topezeka m'mabokosi a mankhwala a bondo. Makolo ambili amene anabwela kudzakhala ndi ana awo kuno amangotutaya, cifukwa zilembo zake n'zing'onozing'ono ndipo Cizungu cake n'ca madokotala. Ndatsatila mapepala awili, la Voltaren Emulgel ndi la Panado, popeza ndiwo mankhwala amene ambili amayamba nawo. Zodziwikilatu, monga kutsegula cubu ndi kusunga mankhwala kutali ndi ana, ndadumpha. Zina ndaonjezela ndekha, ndipo mudzaona pamene ndatelo.

Nyamakazi imene tikamba pano ni imene madokotala amati osteoarthritis. Kumapeto kwa mafupa a bondo kuli cicelewecelewe cotelela, ndipo cikapelepeseka bondo limawawa pokwela masitepe, pogwada ndi ponyamuka pampando. M'mawa limauma, koma kuumako sikupitilila mphindi 30. Ngati inu mumauma kwa ola lathunthu, zala za manja onse awili n'kutupanso, imeneyo ingakhale nyamakazi ya mtundu wina yofunika kupima magazi ndi mankhwala ena. Usiku bondo limabweza zimene linaona masana: kuimilila tsiku lonse m'shopu, kukolopa cogwada, kukwela ndi kutsika mataxi pa Bree kapena pa Noord. Ndiponso mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, conco cisanu ca mu June ndi July cimaposa cimene tinazolowela ku Lusaka kapena ku Chipata, ndipo ambili amati ndiyo miyezi imene bondo siliwagoneka.

Mankhwala opaka

Pepala likamba conco. Voltaren Emulgel ili ndi mankhwala ochedwa diclofenac, amene amacepetsa kuwawa ndi kutupa. Pakani pa bondo katatu kapena kanayi pa tsiku, magalamu 2 mpaka 4 nthawi iliyonse, ndipo sisitani pang'onopang'ono mpaka alowe. Mukamaliza sambani m'manja. Musagwile m'maso kapena pakamwa musanasambe. Musapake pa bala, pa zotupa za pakhungu kapena pamene khungu lasupuka. Musagwilitsile nchito ngati aspirin kapena Brufen anakuyambitsilanipo mphumu, zidzolo kapena kutupa kumaso, ndiponso m'miyezi itatu yothela ya pakati. Malo amene mwapakapo musawaonetse kwambili ku dzuwa. Pakapita masiku 7 popanda kusintha, kapena kuwawa kukakula, onanani ndi dokotala.

Mlingo wa magalamuwo pepala limauyelekeza ndi zipatso zimene sitidya kwathu. Inu tengani conco: wocepa ni kukula kwa sau limodzi, woculuka ni kukula kwa suku limodzi. Kupitilila apo n'kuononga ndalama cabe. Onaninso bokosi lanu bwino, cifukwa pali cubu cina camphamvu kuwilikiza kawili, cimene amapaka kawili cabe pa tsiku, m'mawa ndi madzulo.

Pepala limaletsanso kumanga bondo ndi cinthu cosalowa mphepo. Tanthauzo lake kwa ife ni ili: musakulunge bondo ndi pulasitiki ya mkate kapena ya ku shopu kuti "mankhwala alowe bwino", monga acitila ena. Khungu limapsa. Bandeji wamba wa nsalu alibe vuto ngati mankhwala auma. Ndionjezele ziwili zimene pepala silikamba. Mphini zatsopano ni bala, conco ngati munatemela bondo, dikilani zipole. Ndipo musapake mankhwala ena monga Deep Heat kapena Zam-Buk pamwamba pa Voltaren nthawi imodzi.

Za nthawi yopaka, pepala silisankha. Ine ndinganene kuti kupaka kothela kukhale ola limodzi musanagone, mutasamba kale ndi kupukuta bondo, kuti mankhwala aume asanapukutike ndi bulangete. Musawaweluze usiku woyamba. Amagwila bwino mukapaka masiku angapo motsatizana, osati kuwakumbukila cabe pamene bondo lakudzutsani.

Panado, ndi anzake obisala

Pilisi limodzi la Panado lili ndi mamiligalamu 500 a paracetamol. Munthu wamkulu amwe limodzi kapena awili, n'kudikila maola 4 mpaka 6 asanamwenso, ndipo asapitilile mapilisi 8 m'maola 24. Kupitilila mlingo kumaononga ciwindi. Amene ali ndi matenda a ciwindi kapena a impso, amene amamwa mowa kwambili, ndi amene thupi lawo n'locepa kwambili afunse kaye dokotala kapena wa ku kemisti. Apa ndionjezelepo amene ali pa mankhwala a TB, cifukwa nawonso amalemetsa ciwindi.

Kunena zoona, Panado si wamphamvu kwambili pa nyamakazi ya bondo. Amathandiza pang'ono, ndipo amathandiza bwino mukasungako awili oti mumwe pokagona m'malo momaliza onse masana. Vuto limabwela ca m'ma 2 koloko usiku, munthu atadzuka ndi bondo lothukuta ululu. Amatsegula dilowa mumdima, n'kupeza kapepala ka Grand-Pa, mankhwala a ufa a mutu aja, n'kuthila pa lilime, poganiza kuti ni mankhwala ena. M'kapepala kameneko muli paracetamol yemweyo, muli aspirin, mulinso caffeine amene amathamangitsa tulo. Adco-Dol nayenso ali ndi paracetamol pamodzi ndi codeine. Myprodol ali ndi paracetamol, ibuprofen ndi codeine. Mankhwala ambili a cimfine alinso ndi paracetamol. Conco munthu angalumbile kuti anamwa Panado 6 cabe, koma akawelengela zonse anapitilila kale mlingo. Coopsa n'cakuti tsiku loyamba sakumva ciliconse, ciwindi cikuonongeka mwakacetecete. Ngati mwazindikila kuti mwapitilila, pitani kucipatala tsiku lomwelo olo mumvele bwino, ndipo nyamulani mabokosi.

Codeine, mankhwala amphamvu opha ululu, ni nkhani ina. Amagoneka, inde, n'cifukwa cake ambili amam'konda, koma thupi limazolowela msanga ndipo amaumitsa m'mimba. N'cifukwa cake ku kemisti amam'sunga kuseli kwa kauntala ndipo amalemba dzina lanu. Kwa ambuya amene amadzuka usiku kupita ku toileti, cizungulile cake cingawagwetse.

Liwu lina limene mudzaliona m'mapepala ambili a mankhwala opha ululu ni NSAID. Ni dzina la banja la mankhwala: ibuprofen amene timam'dziwa kuti Brufen, diclofenac wa mapilisi, Indocid, naproxen ndi aspirin. Lamulo n'lakuti musamwe awili a m'banjali pamodzi, ndipo musamwe m'mimba muli njala. Ibuprofen wogula nokha asapitilile mamiligalamu 1,200 pa tsiku. Pa bondo amagwila kuposa Panado, koma amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndi kuononga impso. Ngati mumamwa mankhwala a BP monga enalapril kapena mapilisi okodzetsa, ngati muli pa warfarin woletsa magazi kuundana, kapena pa ma ARV okhala ndi tenofovir, musawayambe musanafunse ku kiliniki kumene mumatenga mankhwala anu. Mankhwala opaka aja ni a m'banja lomweli, kusiyana kwake n'kwakuti olowa m'magazi ni ocepa kwambili, n'cifukwa cake madokotala amayamba nawo pa bondo, makamaka kwa okalamba.

Cenjezo langa lalikulu lili pa tumapulasitiki twa mapilisi opanda dzina, tumene wacibale amakutumizilani pa basi kucokela kumudzi, kapena tumene mumagula pa kantemba, tonenedwa kuti "ni twa mawondo". Nthawi zambili mumasakanizidwa mapilisi a m'banja lija, ndipo mungakhalenso prednisolone, mankhwala amphamvu ocepetsa kutupa. Masiku oyamba munthu amavina ndithu. Pambuyo pa miyezi nkhope imatupa, shuga amakwela, mafupa amafooka. Ngati mwakhala mukumwa kwa nthawi yaitali musaleke mwadzidzidzi, tengani kapulasitikiko mukaonetse ku kiliniki.

Kagonedwe ndi kutentha

Izi sizili m'mapepala a mankhwala, ni zimene a physio, akatswili a zolimbitsa thupi a kucipatala, amaphunzitsa. Mukagona cam'mbali, ikani pilo pakati pa mawondo, yaitali bwino kuti icilikize mpaka ku akakolo. Mukagona cagada, pindani citenge muike pansi pa bondo kuti lingopindika pang'ono. Pilo yaikulu pansi pa bondo usiku uliwonse imamveka bwino, koma bondo limazolowela kukhala lopindika mpaka kukana kuongoka. Musanagone, muli gone cagada, limbitsani nchafu ndi kukanikizila bondo pa matilesi, welengani mpaka 5, masulani, bwelezani ka 10. Nchafu yolimba imalandila katundu amene bondo likananyamula lokha. Bondo likakudzutsani, lipindeni ndi kuliongola kangapo, kapena imani muyende pang'ono m'cipinda musanaganize za dilowa ija.

Bondo louma limafuna kutentha. Botolo la madzi otentha likhale lokulungidwa m'thaulo, madzi ake asakhale owila, ndipo lisapitilile mphindi 20. Yambani ndi botolo, khungu lizizile, ndiye mupake mankhwala. Musaike botolo pamwamba pa mankhwala. Bondo lotupa ndi lotentha cifukwa ca nchito ya tsikulo limafuna cozizila: paketi ya ndiwo za m'filiji yokulungidwa m'nsalu, mphindi 15. Odwala shuga asamale kwambili, cifukwa miyendo yawo nthawi zina siimva kupsa.

Malaiti akayenda m'nyengo ya cisanu, musagone ndi mbaula kapena hita ya palafini m'cipinda cotseka kuti bondo lifunde. Utsi wa makala umene umapha sununkha ndipo suoneka, munthu amangopitilila m'tulo. Othani moto muli maso, zenela lili lotsegula, kenako tulutsani mbaula panja.

Masana nawo ali ndi mbali yake. Ndodo igwilidwe ku dzanja la mbali imene ilibe vuto, osati ku mbali ya bondo lodwala. Kilogalamu imodzi imene mwacepetsa pa thupi imacotsa katundu wa makilogalamu pafupifupi 4 pa bondo pa sitepe iliyonse. Nchito yokolopa igwilidwe ndi mopu wa mtengo wautali.

Pamene muyenela kuleka zonsezi n'kupita kucipatala

Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kufiila, n'kutentha, inunso thupi n'kutentha, pitani usiku womwewo. Angakhale mafinya m'kati mwa bondo, ndipo amaononga m'masiku ocepa. Ingakhalenso gout, nyamakazi ya mtundu wina imene imakonda kuyamba usiku, koma wosiyanitsa ni dokotala. Katumba akatupa ndi kuwawa mwendo umodzi, makamaka mutangotsika basi ya ku Lusaka imene mwakhalamo tsiku lathunthu ndi usiku, magazi angakhale ataundana m'mtsempha. Musasisite, ndipo mukayamba kubanika itanani ambulansi. Cimbudzi cakuda bii, kusanza magazi, kapena kutupa milomo ndi kumaso mutamwa mankhwala, nazonso n'zamwamsanga. Kuwawa kwa usiku kosamva kanthu, pamodzi ndi kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kukapimidwe, cifukwa TB imagwilanso mafupa. Pa foni ya m'manja imbani 112, ndipo ambulansi ni 10177.

Ngati si zamwamsanga koma bondo likukulandani tulo mlungu ndi mlungu, yambilani ku kiliniki ya m'dela lanu. Ndiwo amalemba kalata yokutumizani ku cipatala cacikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath, kumene angakujambuleni, kukuonetsani kwa a physio, ndi kukambilana za nyeleti ya m'bondo kapena opaleshoni. Nyeleti imapumitsa kwa milungu ingapo, ndipo sabaya kawilikawili. Popita ikani m'cola khadi lanu la kiliniki ndi ciliconse cimene mumamwa kapena kupaka, kuphatikizapo Grand-Pa ndi mankhwala acikuda, ndipo muuze anesi kuti bondo limakudzutsani kangati pa usiku umodzi.