Kuyendera magetsi a m'nyumba yakale popanda kumasula chilichonse

Mawu amene ndimawamva kwambiri kwa eni nyumba zakale ndi akuti, "Koma magetsi amayaka bwinobwino, sanativutepo." Sanama ayi. Kungoti waya wotha ntchito amayatsa babu mofanana ndi waya watsopano, mpaka tsiku limene adzayatse denga. Ine ntchito yanga ndi ya zamagetsi, ndipo nyumba zambiri zimene ndimaitanidwako zinamangidwa nthawi imene m'nyumba munkangokhala mababu angapo, wailesi ndi simbi basi. Lero mawaya omwewo akusenza filiji, ketulo, kuka, giza, TV ndi matchaja osawerengeka.

Mungathe kuiyendera nokha nyumba yanu. Zida zake ndi maso, mphuno, tochi ndi kuseri kwa dzanja. Sikuludiraiva isiyeni kumene imakhala, chifukwa chilichonse chofuna kumasula ndi ntchito ya katswiri.

Yambirani pa bokosi la magetsi

Pitani pamene pali meni swichi. Kodi mukudziwa pamene ili, nanga aliyense wamkulu m'nyumbamo amadziwa kuizimitsa mumdima? Ngati kutsogolo kwake kwaunjikidwa katundu, chotsani lero lomwe.

Tsopano liyang'aneni bokosilo. Ngati muli timatumba tadothi toyera kapena tapulasitiki yolimba yakuda tochita kusolola, amenewo ndi mafyuzi akale a kawaya. Kawaya kameneka kanapangidwa dala kuti kakhale kofooka kuposa waya wa m'khoma, kuti mphamvu ikachuluka kasungunuke ikoko, wa m'khomayo apulumuke. Mababu amaikiridwa ka ma amp 5 (amp ndi muyeso wa mphamvu yodutsa m'waya), giza nthawi zambiri ka 15, masoketi ndi kuka ka 30. Vuto limayamba fyuzi ikamaduka pafupipafupi. Munthu amatopa, n'kuikapo waya wonenepa, mwinanso msomali. Sidukanso, iye n'kumati wakonza. Chimene wachita n'kusamutsa malo ofooka aja, kuwachotsa m'bokosi momwe amaoneka n'kuwapititsa m'siling'i momwe palibe akuwaona.

M'nyumba ina nditazimitsa n'kusolola fyuzi ya masoketi, ndinapeza timawaya takopa tambirimbiri topotedwa pamodzi, dothi lonse lada ndi mwaye. Waya wotuluka kumbuyo kwake anali atauma gwa, chikopa chake chitasanduka chabulauni. Mwini nyumba anandiuza monyadira kuti papita zaka asanagwirepo fyuzi imeneyo. Ndiye inu funsani kuti amene anakonza fyuzi komaliza ndi ndani, ndipo anaikamo chiyani. Musapalepale mkati mwake, chifukwa mabokosi ena akale ali ndi tizidutswa ta asbestos, ndipo fumbi lake limawononga mapapo.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire kuposa zonse. Fyuzi, ngakhale yabwino, imateteza waya, siteteza munthu. Bureka wamba, kaswichi kozima kokha kamene kanalowa m'malo mwa fyuzi m'mabokosi atsopano, nayenso ndi chimodzimodzi. Thupi la munthu limayamba kumva magetsi pa milliamp 1 yokha, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a amp. Akafika cha pa 10, minofu ya dzanja imakungika moti munthu amalephera kusiya chimene wagwira. Akapitirira 30 n'kudutsa pachifuwa kwa kanthawi, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe. Fyuzi ya ma amp 30 ndi ma milliamp 30,000. Munthu akhoza kufa atagwira waya, fyuziyo osamva chilichonse.

Choteteza munthu ndi RCD, imene ena amaitchula kuti earth leakage. Iyo imayerekeza mphamvu yopita pa waya wa layivu ndi yobwerera pa nyutilo. Ikaona kuti yobwerera yapelewera ndi ma milliamp 30, imadziwa kuti kwina kukudontha, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo imazimitsa sekondi isanathe. Mudzaizindikira ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST. Ngati m'bokosi lanu mulibe kabatani kameneka, ndiye kuti chitetezo chimenechi mulibe. Ngati kalipo, kadineni miyezi 6 iliyonse. Magetsi azime pompo. Akapanda kuzima, RCD imeneyo ndi yakufa ngakhale ikuoneka yatsopano.

Mawaya enieniwo

Simufunika kuswa khoma kuti mudziwe msinkhu wa mawaya anu. Amaonekera pa mita, pa mababu olendewera, ndiponso m'siling'i. Ngati mukwera m'siling'i, zimitsani meni swichi kaye, tengani tochi, ndipo muziponda pa mitanda yokha.

Mpaka cha m'ma 1960, mawaya ambiri ankakutidwa ndi labala, ena n'kukulungidwanso ndi nsalu kapena mtovu. Labala amauma ndi zaka, ndipo kutentha kwa pansi pa denga kumafulumizitsa. Waya wotere amaoneka wathunthu malinga sanakhudzidwe, koma mukangomupinda pang'ono chikopa chimayoyoka, kopa n'kutsala pamtunda. N'chifukwa chake ndikunena kuti muzingoona, musamagwedeze. Mukapeza waya wakuda wa labala kapena wansalu akugwirabe ntchito, palibe zokonza ndi tepi. Nyumbayo ikufunika mawaya atsopano.

Mawaya a pulasitiki ya PVC, amene analowa m'malo mwa labala, amakhalitsa, koma nawonso ali ndi adani. Makoswe amawatafuna. Madzi odontha kuchokera kudenga amalowa m'malo olumikizira. Ndipo mdani wamkulu ndi anthu amene akhala akuwonjezera magetsi m'nyumbamo m'mbuyomu, wina chipinda, wina babu lapanja, aliyense kupota mawaya awiri n'kukulunga tepi. Tepi imamatuka ndi kutentha. Polumikizira paliponse payenera kukhala m'kabokosi kotseka.

Mtundu wa waya umakuuzaninso zina. M'mayiko otsatira malamulo a zamagetsi a ku Britain, layivu anali wofiira ndipo nyutilo anali wakuda. Ku Britain komweko anasintha pakati pa 2004 ndi 2006, layivu kukhala wabulauni, nyutilo wabuluu. Waya wofiira ndi wakuda si woopsa chifukwa cha mtundu wakewo, koma nyumba imene muli mitundu yonse iwiri imasokoneza munthu wosadziwa. Ku America nyumba zambiri zomangidwa pakati pa 1965 ndi 1973 zinaikidwa mawaya a aluminiyamu, amene amafutukuka akatentha n'kubwerera akazizira mpaka kukhwefuka pa sikuluwu. Mukaona waya wotuwa ngati siliva m'malo mwa kopa, muuzeni katswiri.

Waya wa ethi

Uyu ndi waya amene sagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndiye akaduka palibe amadziwa. Ntchito yake ndi ya tsiku limene waya wa layivu wakhudza chitsulo cha filiji kapena cha kuka. Iye amatenga mphamvuyo n'kuithamangitsira pansi mpaka fyuzi kuduka. Popanda iyeyu, chitsulocho chimangodikira dzanja.

Malamulo a ku Britain anayamba kufuna ethi pa mawaya a mababu mu 1966. Nyumba zakale kuposa apo kawirikawiri zilibe, ndipo ngozi imabwera mwini nyumba akachotsa zoikamo mababu zapulasitiki n'kuikapo zokongola zachitsulo. Chinanso n'chakuti nyumba zambiri zakale ethi yake inamangiriridwa ku paipi yamadzi yachitsulo. Kenako wokonza mapaipi amabwera, n'kusintha gawo lina kukhala lapulasitiki, ethi n'kuthera pomwepo popanda iye kudziwa. Tulukani panja muone ngati pali chitsulo chokhomedwa pansi chokhala ndi waya wobiriwira, kapena wobiriwira ndi wachikasu. Kodi waya wake akadali womangika, kapena wadyeka ndi dzimbiri?

Ngati mpopi, sinki, shawa kapena chitseko cha filiji chimakunyerenyetsani mukachigwira, musazolowere. Ndamvapo anthu akunena kuti "kamagwira pang'ono chabe, timangovala masilipasi." Kunyerenyetsako ndi magetsi akufuna njira yopitira pansi, ndipo tsiku limene mapazi adzanyowe adzaipeza. Zimitsani, muitane katswiri tsiku lomwelo.

Chipinda ndi chipinda

Soketi iliyonse iyang'aneni pafupi. Mukufuna ming'alu, kuderako kapena kuchita chikasu mozungulira mabowo, ndi kugwedera pakhoma. Pulagi ikamalowa mokhwepa, n'kumafuna kuikankhira ndi mpando kuti igwire, soketiyo yatha. Ikani kuseri kwa dzanja pa soketi imene yakhala ikugwira ntchito. Kufunda pang'ono pa pulagi ya ketulo n'kotheka, koma kutentha koti n'kuchotsapo dzanja ayi. Tcherani khutu ngati pakumveka kuthetheka. Nunkhizaninso. Pulasitiki yakale ya masoketi ndi zoikamo mababu ikamapsa imatulutsa fungo la nsomba, ndipo mabanja ambiri amataya nthawi kusaka khoswe wakufa pamene chikupsa ndi soketi kuseri kwa kabati.

Zizindikiro zonsezi kawirikawiri gwero lake ndi sikuluwu yokhwefuka. Pamene mawaya sanagwirane bwino pamatentha, kutenthako kumakhwefulanso kwambiri, ndipo zimapitirira choncho. Fyuzi siona vuto limeneli chifukwa mphamvu yodutsa sinachuluke. RCD nayo mwina siona, chifukwa palibe chadonthera pansi. Amene angalione ndi inuyo. Babu lomaphethira, kapena magetsi omachepa mphamvu filiji ikamalira, nazonso zimaloza komweko.

Nyumba zakale zili ndi masoketi ochepa, ndiye anthu amadalira ma ekisitenshoni. Werengerani motere: pulagi ya mapini atatu amakona imasenza ma amp 13, ndipo pa mavoti 230 amenewo ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo yokha imadya 2,000 mpaka 3,000. Ekisitenshoni ya mabowo anayi sichulukitsa mphamvuyo, imangoigawa. Matchaja, TV ndi kompyuta zikhoza kukhala pamodzi. Koma chilichonse chotenthetsa, monga ketulo, simbi, hita kapena mbaula yamagetsi, chipite pa soketi yake yapakhoma. Musalumikize ekisitenshoni pa inzake, musaidutsitse pansi pa kapeti kapena pansi pa chitseko, ndipo ya chingwe chokulunga muzichitambasula chonse musanalumikize chinthu cholemera, chifukwa chikakhala chokulungidwa kutentha kumasowa kothawira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona mawaya opanda pulagi atalowetsedwa m'soketi n'kupanikizidwa ndi timitengo ta machesi, m'nyumba momwe muli mwana wokwawa. Guleni pulagi. Muike fyuzi yoyenera, ya ma amp 3 pa nyali ndi wailesi, ya 13 pa zotenthetsa.

Ku bafa ndi kukhitchini onani ngati soketi ili pafupi ndi madzi, ndipo ngati siling'i ili ndi banga la kudontha pafupi ndi babu, musayatse babulo mpaka litayang'anidwa.

Zikachitika

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Thamangirani ku meni swichi. Ngati ili kutali, imani pouma n'kumukankha ndi mtengo wouma kapena chinthu chapulasitiki. Ngati sakupuma, wina aitane thandizo lachipatala, inu muyambe kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa mtima ukhoza kuvuta pambuyo pake. Moto wa magetsi musauthire madzi magetsi asanazimitsidwe. Gwiritsani ntchito chozimitsira moto cha ufa kapena cha CO2, ndipo ukakula tulutsani anthu onse.

Mukaitana katswiri

Musalole kuti angoyang'ana ndi maso n'kukhudza ndi tesita ya kababu. Muuzeni ayeze ndi makina zinthu zitatu: ngati chikopa cha mawaya chikadali cholimba, ngati ethi ikufika pa soketi iliyonse, ndi nthawi imene RCD ikutenga kuti izimitse. Poyeza chikopa amatumiza mavoti 500 m'mawaya ozimitsidwa, ndipo zotsatira zisachepere megohm 1, muyeso wa mmene chikopacho chikutsekera magetsi. Akulembereni zimene wapeza papepala, alembenso pa bokosi kuti bureka aliyense ndi wa chipinda chiti. Ku Britain amalangiza kuyeza kotereku zaka 10 zilizonse pa nyumba yokhalamo mwini wake, ndi zaka 5 pa nyumba ya lendi. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, zimene mwaona muwalembere eni nyumba, ndi zithunzi zomwe, musangowauza pakamwa.

Ndalama zikachepa, ine ndimalangiza kuyamba ndi ethi ndi RCD, kenako masoketi opsa ndi malo olumikizidwa ndi tepi, kenako kusintha mawaya gawo ndi gawo, kuyambira kukhitchini. Dziwiranitu kuti RCD ikaikidwa pa mawaya akale mwina izidzagwa pafupipafupi masiku oyambirira. Ena amakwiya n'kuuza wamagetsi kuti aidumphitse. Musatero. Zulani zipangizo zonse m'masoketi, ikwezeni, kenako muzibwezera chimodzichimodzi mpaka igwenso. Chimene chaigwetsa ndicho chikudontha, nthawi zambiri ketulo kapena simbi. Ikagwa zonse zili zozula, vuto lili m'mawaya a m'khoma kapena m'chipangizo chosazulika monga giza, ndipo gawo limenelo likhale lozima mpaka katswiri atabweranso.