Masamu a mwana wa Grade 1 kuno ku Joni, yambani ndi zitsekero osati kope

Makolo anzanga, mwana akamaimba one two three mpaka 100 tisamathamangire kunyadira kuti masamu wawadziwa ayi, imeneyo ndi nyimbo chabe. Muyeseni chonchi, ikani nyemba 7 patebulo aziwerenga akukhudza imodziimodzi ndi chala, akamaliza zimwazeni nyemba zomwezo iye akuona ndithu, kenako mumufunse kuti pano zilipo zingati. Akakuuzani kuti zachuluka chifukwa zatenga malo aakulu, basi dziwani kuti poyambira ndi pomwepo, za kope zidikire kaye.

Kumudzi ku Standard 1 aphunzitsi ankatituma timitengo ndi zitsekero za mabotolo, ndipo sikunali kusowa zochita. Kuno musavutike kugula zoseweretsa zodula ku mall, tolani zitsekero 20 ku spaza (kagolosale ka m'dera) muzitsuke muziike m'kabotolo. Silabasi ya kuno ya CAPS imafuna mwana wa Grade 1 akamatha chaka aziphatikiza ndi kuchotsa mpaka 20, ndiye zitsekero zimenezo zakwana kale.

Chomwe ine ndimalimbikira kwambiri ndi nambala 10. Yalani zitsekero 10, mwana atsinzine, inu muvindikire zina ndi kapu, akaona 6 zatsala panja anene zomwe zili mkati. Poyamba azingolota, mulekeni atsegule kapu aziwerenge yekha, ndipo nthawi zina abise iyeyo inu muyankhe molakwa dala kuti akukonzeni, ana amasangalala nazo zimenezi koopsa. Akadziwa pamtima kuti 6 imayenda ndi 4, 7 ndi 3, 8 ndi 2, samu ngati 8 kuphatikiza 5 siimuvutanso, amangobwereka 2 kwa 5 uja kuti 8 ikwane 10, kwatsala 3, yankho 13. Akamawerengera zala osamumenya padzanja chonde, zala amazisiya yekha akazolowera.

Vuto lina ndi lija losokoneza 13 ndi 31. Gulani machesi, mangani timitengo khumikhumi ndi labala, 13 ndi mtolo umodzi ndi timitengo titatu pomwe 31 ndi mitolo itatu ndi kamtengo kamodzi, akaigwira m'manja amaona yekha kuti yambiri ndi iti. Ndipo akadzafika Grade 2 pochotsa 8 pa 23 azidzamasula mtolo umodzi, kubwereka kumene timangoloweza kuja kumachokera pamenepa.

Ndalama ndiye mphunzitsi wabwino zedi. Tsegulani kasitolo kabodza pakhomo, sopo R12, buledi R18, mitengo yake muzingopeka, mumupatse makobili a R1, R2 ndi R5 agule, kenako musinthane iye akhale wogulitsa azibweza chenji. Za mapepala amazigwira msanga ndi nyama zija, chipembere pa R10, njovu pa R20, mkango pa R50, mumufunse kuti zipembere zingati zikwane mkango umodzi. Mukakwera takisi pa renki ya Bree kapena ya Noord mumunong'oneze kuti tilipo awiri ndapereka R50, chenji ibwere zingati, paja kuno wokhala kutsogolo ndi amene amawerengera ndalama dalaivala, ndiye aphunziretu asadzachite manyazi. Thireyi ya mazira nayonso musataye, mizere 5 ya mazira 6 ndi 30, kuchulukitsa kwayambika kale asanaone ndi times table yomwe.

Ndikudziwa ambiri timafika usiku titatopa ndi ntchito, ena ma shift, koma mphindi 10 zokha pamene madzi a nsima akuwira zikukwana, ndipo akayamba kuyasamula kapena kulira musiyeni, mawa lilipo. Lachisanu muzitsegula buku lake la masamu la DBE (nthambi ya boma yoona za maphunziro) lomwe amapatsidwa ulere kusukulu zaboma, muone tsamba lomwe ali, samu yomwe walakwa muichitenso ndi zitsekero asanafufute n'kulemba yankho lina.