Kusandutsa nyumba yokhalamo kukhala shopu ku Lilongwe

Mwafunsa zosandutsa nyumba yanu ya ku Area 47 kukhala shopu. Malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo ngakhale musamangepo chilichonse.

1. Werengani lizi yanu (chikalata cha pangano lobwereka malowo). Ngati ikuti malowo ndi okhalamo anthu basi, pemphani Unduna wa za Malo usinthe mfundoyo.
2. Funsani ku khonsolo ya mzinda ngati pulani ya deralo imalola malonda. Ngati siilola, musawononge ndalama pa mapulani.
3. Perekani ku khonsolo fomu yopemphera chilolezo ndi mapulani ojambulidwa ndi katswiri, osonyeza zimbudzi, ngalande ndi poimika magalimoto. Poimikapo musapapeputse: magalimoto a makasitomala akamatseka msewu, anansi amadandaula ndipo pempho litha kukanidwa.
4. Dikirani kalata ya komiti ya mapulani. Mukayamba isanafike, khonsolo ili ndi mphamvu zoimitsa ntchito kapena kugumula zomwe mwamanga.