Sukulu ikatsekedwa, mwana akadwala: chisanu cha ku England ndi ana athu a pulayimale

Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi a ku Britain amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo pofika pakati pa Disembala dzuwa ku London limalowa 4 koloko isanakwane. Kuyambira pamenepo mpaka Malichi mwana amakhala wa m'nyumba. Tsiku lina foni imalira m'mamawa, uthenga wa kusukulu kuti lero ana asabwere chifukwa kwagwa chipale chofewa kapena boila yafa. Tsiku lina ndi mwanayo amene wadzuka thupi lili moto. Kwathu zikatere pamakhala agogo, azakhali kapena aneba oti n'kuwasiyira mwana. Kuno ambiri mwa ife timagwira mashifiti m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndiye masiku oterewa ndi oyenera kuwakonzekera Novembala asanafike. Zimene zili m'munsimu ndi za ku England. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo ena amasiyana.

Chinthu choyamba ndi kudziwa amene adzakhale ndi mwanayo. Lamulo la ku England silitchula msinkhu umene mwana angasiyidwe yekha, koma ndi mlandu kumusiya ngati kutero kungamuike pangozi, ndipo bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 12 asasiyidwe yekha nthawi yaitali. Zoti mwana wa zaka 10 alere mng'ono wake tsiku lonse, zimene kumudzi palibe angadabwe nazo, kuno zingakuitanireni a social services pakhomo. Gwirizanani ndi mabanja awiri kapena atatu, a kutchalitchi, a kumzikiti kapena a kalasi imodzi ndi mwana wanu, amene mashifiti awo sagundana ndi anu. Mayina awo muwapereke ku ofesi ya sukulu ngati anthu ololedwa kutenga mwana. Munthu wolembedwa ntchito alinso ndi ufulu wochoka kuntchito mwadzidzidzi kuti akasamalire mwana wake, ngakhale abwana sakakamizidwa kumulipira nthawi imeneyo. Imbani msanga, musadikire kuti shifiti iyambe.

Kuphunzira ali pakhomo

Sukulu za ku England zinatsekedwa kwa ana ambiri pa 20 Malichi 2020, kenako zinatsekedwanso mu Januwale 2021 mpaka pa 8 Malichi. Nthawi imeneyo boma linati ana a Year 1 ndi Year 2 azipatsidwa ntchito ya maola atatu pa tsiku, a Year 3 mpaka Year 6 maola anayi. Manambalawa ndi othandizabe lero chifukwa amatikumbutsa kuti mwana wa zaka 6 sayenera kukhala pa kompyuta kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Maola atatuwo akuphatikiza kuwerenga buku, kulemba ndi kujambula.

Chimene chimasokoneza mabanja ambiri tsiku loyamba si phunziro ayi, ndi pasiwedi. Sukulu iliyonse ili ndi njira yake: ena Google Classroom, ena Microsoft Teams, Seesaw kapena ClassDojo. Dzina lolowera ndi pasiwedi nthawi zambiri zimamatidwa m'kabuku kolembamo zimene mwana wawerenga kunyumba. Zijambuleni pa foni, muzilembenso papepala n'kumata pafiliji, ndipo yesani kulowa lero lomwe sukulu idakali yotsegula. Vuto lofala ndi loti foni kapena laputopu imakhala italowa kale ndi imelo ya kholo, ndiye Google Classroom imakana kuonetsa kalasi ya mwana. Tulukani mu akaunti yanu, mulowe ndi ya kusukulu. Ngati ana ndi atatu koma chipangizo n'chimodzi, auzeni aphunzitsi mosachita manyazi. Sukulu zambiri zimabwereketsa laputopu kapena kusindikiza ntchito papepala, ndipo ku laibulale ya m'dera lanu kuli makompyuta ndi intaneti zaulere. Maphunziro a Oak National Academy ndi BBC Bitesize ndi aulere ndipo amatsata silabasi ya ku England, choncho tsiku limene aphunzitsi sanatumize kanthu mwana asangokhala.

Mwana adzuke, asambe, adye ndi kuvala ngati akupita kusukulu. Akhale patebulo, osati pabedi, ndipo kamera iloze kukhoma kuti kalasi yonse isaone za m'nyumba mwanu. Wamng'ono agwire ntchito mphindi 15 kapena 20 n'kupuma, wamkulu akhoza kufika theka la ola. Chingerezi ndi masamu zichitike m'mawa mutu udakali bwino. Chakumasana atuluke panja ngakhale kwa mphindi 20, atavala jekete, chipewa ndi magolovesi, chifukwa mukadikira 4 koloko mdima umakhala wagwa.

Pa kuwerenga tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene kholo lachikondi limaononga losadziwa. Ife tinaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo: ba, be, bi, bo, bu. M'Chichewa njirayi imagwira bwino chifukwa mawu amalembedwa mmene amamvekera. Ana a kuno amaphunzira phonics, kutanthauza kamvekedwe ka chilembo chilichonse pachokha. Mwana akamawerenga mawu oti "mat" sanena mayina a zilembo, komanso sawonjezera "a" kapena "i" kumapeto monga lilime lathu limafunira. Amatulutsa "mmm", kenako "a", kenako "t" wouma, n'kuzilumikiza. Mukamuphunzitsa kuti "ma-ti" asokonezeka, ndipo mu Juni wa Year 1 amayesedwa pa mawu 40, ena mwa iwo ongopeka opanda tanthauzo, kuti aone ngati akudziwa kamvekedwe. Funsani kuti sukulu ikutsata pulogalamu iti ya phonics, muonere mavidiyo ake pamodzi ndi mwanayo. Masamu ndi chimodzimodzi. Njira zogawira ndi zochotsera zimene tinaphunzira ife n'zolondola, koma ngati mphunzitsi akugwiritsa ntchito mzere wa manambala, tsatirani yomweyo kaye. Pamene kholo la ku Malawi lingathandize kwambiri ndi pa matebulo, chifukwa tinawaloweza poimba. Mu Juni wa Year 4 ana amayesedwa matebulo mpaka 12 kuchulukitsa ndi 12, funso lililonse masekondi 6.

Musasiye kuyankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao pakhomo poopa kuti mwana atsalira pa Chingerezi. Aphunzitsi enieni a kuno amalimbikitsa chiyankhulo cha makolo. M'chisanu Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye 4 koloko ya kuno ndi 6 koloko madzulo kwathu, nthawi yabwino yoti agogo asimbe nthano pa WhatsApp kapena mwana awawerengere buku lake.

Mtima ukakwera chifukwa mwana sakumva phunziro, chokanipo kaye. Ku Scotland ndi ku Wales kumenya mwana kunaletsedweratu, ndipo ku England mwana akafika kusukulu ndi mkwingwirima, kapena akangonena kuti anamenyedwa ndi lamba, mphunzitsi amakakamizidwa kukanena. Ntchito yosatha ilembereni kakalata kopita kwa aphunzitsi. Yankho lolakwika lolembedwa ndi mwana limawathandiza kuposa lolondola lolembedwa ndi inu.

Nyumba yofunda koma yopita mpweya

Mabilu a gasi ndi magetsi amapweteka, ndiye ena amazimitsa zotenthetsera n'kutseka mawindo onse. Achipatala amalangiza kuti zipinda zimene mukukhalamo zisatsike pa madigiri 18, ndipo chipinda chogona khanda chikhale pakati pa 16 ndi 20. Kachipangizo koyezera kutentha kwa m'chipinda n'kotchipa, gulani.

Nyumba yotsekedwa imasunga chinyezi. Nyemba zikamawira maola awiri, zovala zikayanikidwa pa rediyeta, anthu asanu akamasamba ndi kupuma, nthunzi yonseyo imakakhala pamakoma ozizira ndi pamawindo, kenako pamamera nkhungu yakuda. Nkhungu imeneyi imayambitsa chifuwa ndi kudzutsa mphumu. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu, ndipo imfa yake ndi imene inabweretsa lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza eni nyumba za khonsolo ndi za mabungwe kuchotsa nkhungu msanga. Vindikirani mapoto, yatsani fani ya kukhitchini ndi ya kubafa, tsekani zitseko za zipinda zimenezi mukamaphika kapena kusamba. M'mawa uliwonse pukutani madzi a pamawindo n'kutsegula mphindi 10. Bedi ndi wadiropu zisagunde khoma. Nkhungu ikamabwerabe, jambulani zithunzi, mulembere eni nyumba imelo kuti umboni ukhalepo, ndipo akapanda kuchitapo kanthu kadandauleni ku khonsolo. Viza yanu sikuletsani kudandaula za nyumba yoipa.

Mbaula isalowe m'nyumba, ngakhale makala ataoneka kuti afiira bwino ndipo utsi watha. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha ndipo suoneka, ndipo nyumba za kuno zilibe mipata ngati khitchini ya kwathu. Kutenthetsa nyumba ndi uvuni wa gasi ndi ngozi yomweyo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zimene zimagwira anthu angapo nthawi imodzi n'kuchepa mukatuluka panja. Zikatero tulutsani ana, tsegulani zitseko, muimbe 0800 111 999 ya ngozi za gasi, ndipo wina akakomoka imbani 999 ya ambulansi. Kuyambira Okutobala 2022 eni nyumba za lendi ayenera kuika alamu ya mpweyawu m'chipinda chimene muli boila. Dinani batani lake kamodzi pa mwezi.

Vitamini D, katemera ndi kutentha thupi

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la kuno silikwanira kuti khungu lipange vitamini D, ndipo khungu lakuda limapanga wochepa ngakhale m'chilimwe. N'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amalangiza anthu ochokera ku Africa kuti aganizire zomwa mamaikirogalamu 10, amene pabotolo amalembedwanso kuti 400 IU, tsiku lililonse chaka chonse. Ana a chaka chimodzi mpaka zinayi onse amafunika mlingo womwewo. Akasowa vitaminiyu mafupa amafewa, mwana amadandaula miyendo, mwinanso kuchita matewe. Khungu nalo limauma ndi kuyabwa chifukwa cha zotenthetsera. Asasambe madzi otentha kwambiri, ndipo mumudzoze mafuta atangotuluka m'bafa khungu lidakali lonyowa.

Katemera wa chimfine amaperekedwa kusukulu kwaulere, wopopera m'mphuno, koma pokhapokha mutasaina fomu, imene nthawi zambiri imabwera pa imelo n'kuiwalika. Wa m'mphunoyu ali ndi gelatine wochokera ku nkhumba, ndipo mabanja achisilamu kapena ena amene sangamulandire akhoza kupempha wa jakisoni.

Kutentha thupi kumayambira pa madigiri 38, ndipo dzanja la pachipumi siliyeza, pamafunika themometa. Panado wa ana ali pawiri: Calpol wa makanda ali ndi 120mg pa 5ml, pamene wa Six Plus ali ndi 250mg pa 5ml. M'nyumba ya ana a misinkhu yosiyana n'zosavuta kusinthanitsa mabotolo usiku, ndiye lembani dzina la mwana pa botolo lake. Tsatani mlingo wa pabokosi, papite maola anayi kapena kuposa musanapatsenso, ndipo musapitirire kanayi pa maola 24. Asipulini sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo ibuprofen asapatsidwe mwana wa katsabola pokhapokha dokotala atanena. Chimfine sichimva maantibayotiki, choncho GP, dokotala wa m'dera lanu, akakana kuwalemba sikuti wakunyozani.

Mwana wa chimfine chochepa koma wosatentha thupi apite kusukulu. Wotsegula m'mimba kapena wosanza akhale pakhomo maola 48 kuchokera pamene anasiya. Wa katsabola adikire matuza onse aume, kawirikawiri masiku asanu. Wa scarlet fever, matenda a zilonda zapakhosi ndi tiziphuphu, abwerere patatha maola 24 atayamba mankhwala. Matenda a scarlet fever pa khungu lakuda savuta kuwaphonya chifukwa kufiira sikuoneka, koma mukasisita pachifuwa kapena pamimba khungu limakhala lokhakhala ngati sandipepa. Tiziphuphu ta matenda oumitsa khosi tifufuzeni m'zikhatho, kumapazi, mkati mwa zikope ndi m'kamwa. Tikapanda kuzimirira mutatidinikiza ndi tambula yagalasi, imbani 999. Chitaninso chimodzimodzi mwana akamapuma movutika nthiti zikulowa mkati, akakomoka, kapena akamavuta kudzutsa. Pa zokayikitsa zina imbani 111 ya malangizo a zaumoyo usana kapena usiku, ndipo khanda losakwana miyezi itatu likafika madigiri 38 musagone nalo, imbani nthawi yomweyo. Khutu ndi zilonda zapakhosi akhoza kuziona ku famase, ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi aulere kwa ana osakwana zaka 16.

Ngati mukupita kwathu pa Khirisimasi

Disembala ndi nyengo ya mvula ndi udzudzu ku Malawi, ndipo mwana wokulira kuno alibe chitetezo chilichonse ku malungo. Inunso chimene munali nacho chimatha mukakhalitsa kunja. Kaonaneni ndi GP kapena a famase kutatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mupeze mankhwala oteteza, amene mumagula nokha, ndipo amwedwe mpaka kumapeto ngakhale mutabwerako. Mwana akatentha thupi mu Januwale, aliyense amangoganiza za chimfine chifukwa kalasi yonse ikutsokomola. Dokotala wa kuno sangaganize za malungo mukapanda kumuuza. Nenani momveka kuti mwanayu anali ku Malawi mwezi wakutiwakuti ndipo mukufuna ayezedwe magazi tsiku lomwelo. Zimenezi zimafunika mpaka chaka chathunthu chibwerereni, makamaka miyezi itatu yoyamba. LA, mankhwala a malungo, amene munabwera naye m'sutikesi asaperekedwe mwana asanayezedwe.

Matikiti amatchipa sukulu zisanatseke, koma werengerani bwino. Kuyambira Ogasiti 2024, mwana akajomba masiku asanu popanda chilolezo sukulu iyenera kuganizira za chindapusa, chimene ndi £80 kwa kholo lililonse pa mwana aliyense mukalipira m'masiku 21, ndipo chimakwera kufika £160 mukachedwa. Banja la makolo awiri ndi ana atatu lingalipire £480. Ngati ulendowo ndi wa maliro, lemberani ahedi musananyamuke, mufotokoze amene wamwalira ndi tsiku lobwerera, chifukwa ndi iwo okha amene ali ndi mphamvu yovomereza.