Momwe mungachepetsere kapena kukulitsira timabowo ta sefa ya polima

Sefa ya polima (zinthu za mtundu wa pulasitiki) ndi kansalu kopyapyala kokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo chimene ingatchinge chimadalira kukula kwa timabowoto. Kuti madzi otunga m'nyanja ku Senga Bay achotsedwe mabakiteriya, kuphatikizapo oyambitsa kolera amene anasautsa maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023, timabowo tisapitirire 0.2 micrometre (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Mavairasi amadutsabe pamenepo.

Njira yofala yopangira sefa zotere ndi imene Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan anaikhazikitsa ku yunivesite ya UCLA ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Sungunulani polima m'mankhwala osungunulira, monga polysulfone mu NMP (N-methyl-2-pyrrolidone) kapena cellulose acetate mu acetone, ndipo mudikire mpaka thovu lonse litatha. Kenaka yalani chosakanizacho pagalasi louma bwino, kuchindikala kwake kukhale cha m'ma 200 micrometre, ndi kumiza galasilo m'beseni la madzi. Madzi akamalowa, chosungunulira chimatuluka, ndipo mudzaona kansalu kakuyera pang'onopang'ono mpaka kusendeka kokha pagalasi. Valani magolovesi, tsegulani mawindo, ndipo mayi woyembekezera asakhudze NMP.

Choyamba kusintha ndi kuchuluka kwa polima. Mukaika 12 peresenti, chosakanizacho chimakhala ngati phala lamadzimadzi ndipo timabowo timatuluka tatikulu. Mukafika cha m'ma 20 peresenti timachepa, koma madzi amadutsa mochedwa. Kuthirako PVP kapena PEG, mitundu ya polima yosungunuka m'madzi, kumachulukitsa timabowo, chifukwa gawo lalikulu la mankhwala amenewa limasungunuka m'beseni n'kusiya mipata.

Kuno ku Salima chovuta kwambiri ndi nyengo, ndipo ambiri amachinyalanyaza. Madzi a m'beseni akafunda, monga achitira madzi a pampopi mu Okutobala, timabowo kawirikawiri timakula, choncho pafunika choyezera kutentha m'beseni nthawi zonse. M'miyezi ya dzinja mpweya umakhala ndi chinyezi chambiri, moti kansalu kamayamba kuumbika kasanamizidwe n'komwe. Mukaona pamwamba pake pakuchita chifunga musanamize, dziwani kuti chinyezi chalowa kale ndipo timabowo ta pamwamba sitidzafanana ndi ta masiku ouma. Masekondi a pakati pa kuyala ndi kumiza ayenera kuwerengedwa pa wotchi, makamaka pogwiritsa ntchito acetone, amene amauluka msanga n'kusiya khungu lothinana pamwamba. Ndi bwino kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chabweretsa kusiyana.

Sefa ya cellulose acetate ikatuluka ndi timabowo tokulirapo, iviikeni kwa mphindi zochepa m'madzi otentha pakati pa madigiri 70 ndi 90 Celsius, ndipo timabowoto tidzafota.

Pa nkhani ya mankhwala akumwa, mfundo ndi yomweyo koma cholinga n'kuchedwetsa kutuluka kwa mankhwalawo. Mapiritsi ena amakutidwa ndi cellulose acetate wosakaniza ndi PEG. M'mimba PEG amasungunuka, madzi amalowa, ndipo mankhwala amatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. PEG akachuluka, mankhwala amatuluka mofulumira.

Musadalire sefa imene simunaiyese. Inyowetseni, muikhazike m'chogwirira madzi ali pamwamba, ndi kukankha mpweya kuchokera pansi mowonjezera pang'onopang'ono. Thovu likayamba kutuluka motsatizana mphamvu ya mpweya ikadali yochepa, ndiye kuti pali bowo lalikulu kapena pong'ambika, ndipo sefa yotero siyenera kusefera madzi akumwa.