Denga la sukulu likasasuka, yambani kwa nyakwawa

Kuno ku Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique, mphepo ikasasula denga la sukulu musathamangire ku Ulónguè, kulikulu la bomali. Yambani kwa nyakwawa. Pitani m'mamawa ndi mkulu mmodzi, odirani pabwalo, khalani pansi, ombani m'manja, funsani za moyo wa pakhomo. Nkhani ya malata ibwere pambuyo. Lamulo la dziko lotchedwa Decreto 15/2000 lidawazindikira atsogoleri amenewa m'chaka cha 2000, ndiye mawu awo amamveka ku boma.

Kenako aphunzitsi aakulu aitanitse Conselho de Escola, komiti ya sukulu. Ine ndimalimbikira kuti akatekisiti ndi abusa alengeze Lamulungu, chifukwa amayi ambiri amamvera kumeneko. Msonkhano usagwe tsiku la msika kapena nthawi yokumba mbatatesi.

Kalata yopita kwa chefe do posto, mkulu woimira boma ku Dómuè, ilembedwe m'Chipwitikizi, onse asaine, ndipo kope ina itsale kwa inu.