Momwe mungatetezere mano a mwana wodwala XLH kuno ku Johannesburg

XLH (chidule cha X-linked hypophosphataemia) ndi matenda akumtundu amene amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 20,000 alionse. Impso za wodwalayo zimataya mchere wa phosphate mu mkodzo, motero mafupa ndi mano sizilimba. Mwana amakhala ndi matewe, amachedwa kukula mumsinkhu, ndipo nkhama zimatupa ndi kutulutsa mafinya pa dzino looneka labwinobwino, lopanda chibowo.

Choyamba, muzionetsetsa m'kamwa mwa mwana pomutsuka mano. Mukaona kachithupsa pa nkhama, musakaboole ndipo musangodalira mankhwala opha ululu. Mkati mwa dzino la mwana wotere ndi mofooka, choncho tizilombo timalowera m'timing'alu tosaoneka ndi maso mpaka kufika ku muzu, ndipo mafinya akhoza kufalikira m'nsagwada. Tsaya likatupa ndi thupi kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kenako pitani ku kiliniki ya m'dera lanu, mukapemphe kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown, kumene kuli Wits Oral Health Centre, kapena Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Apa ndi pamene ndikufuna kutsindika kwambiri: dokotala wa mano muwafotokozere za miyendo, dokotala wa ana muwafotokozere za mano. Zizindikiro ziwirizi zikanenedwa padera, mwana amangozulidwa mano limodzilimodzi, gwero lake osadziwika. Pemphani kuti ayeze phosphate m'magazi ndi mu mkodzo.

Matendawa akatsimikizika, mankhwala ake ndi phosphate wakumwa kangapo pa tsiku pamodzi ndi calcitriol kapena alfacalcidol, amene ndi mitundu yapadera ya vitamini D. Vitamini D wamba wogula kufamase sakwanira payekha. Palinso jekeseni wa burosumab, amene anavomerezedwa ku America ndi ku Ulaya mu 2018, koma ndi wodula kwambiri.

Mwana azitsuka mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, achepetse maswiti, ndipo azionana ndi dokotala wa mano miyezi 6 iliyonse. Funsaninso ngati mano a kumbuyo angamatidwe pamwamba kuti tizilombo tisalowe.

Musaiwale achibale otsala kumudzi. Bambo wa XLH amapatsira ana ake aakazi onse koma aamuna ayi, pamene mayi akhoza kupatsira mwana aliyense, mwayi wake theka ndi theka. Aimbireni foni kuti ana a matewe akayezedwe.